Antivirusi yatha: tilipirenso kapena ayi?

Tsiku lina titaweruka, mayi wina anatsalira m'kalasi. Ndi mmodzi wa anthu amene ndimawaphunzitsa kuti akaphunzitse akuluakulu anzawo kuwerenga ndi kulemba. Anatulutsa laputopu imene anaikulunga ndi kapulana. Anaiyatsa, n'kundionetsa uthenga wofiira umene unali pakona.

"Aphunzitsi, taonani. Mwana wanga akuti antivirusi yatha. Wokonza makompyuta akuti ndimupatse ndalama aikemo ina. Kodi ndikapanda kulipira, makinawa afa?"

Ndinawafunsa kuti, "Mayi, muli ciyani m'kompyutamu?"

Anayankha kuti muli mayina a ophunzira awo onse, malipoti a miyezi itatu, zithunzi za ukwati wa mwana wawo wamkulu, ndiponso nchito ya kusukulu ya mwana wamng'ono. Ndalama imene wokonza uja ankafuna inali imene anasungira feteleza.

Funso la mayiwa likufunsidwa m'makomo ambiri masiku ano, ku Tete, ku Ulónguè, ku Lichinga, ku Milange. Makompyuta afika m'nyumba zathu. Ambiri ndi ogwiritsidwa kale nchito. Ena anabwera ndi m'bale wocokera ku Joni, ena tinagula pa msika. Ndipo posacedwapa pacitika cinthu cimene casintha yankho la funsoli. Tiyeni tikambirane bwinobwino.

Antivirusi ndi ciyani?

Virusi ya kompyuta si kacirombo kamoyo ayi. Ndi pulogalamu imene munthu anailemba dala kuti iwononge kapena kuba. Ina imabisa mafayilo anu. Ina imaba nambala zacinsinsi. Ina imatseka zonse zimene munasunga, kenako mwini wake amati mulipire kuti akutsegulireni.

Antivirusi ndi pulogalamu ina imene imalondera. Ili ngati mlonda wa pageti amene ali ndi zithunzi za akuba odziwika. Fayilo iliyonse ikafuna kulowa, mlondayo amaiyang'ana kaye. Koma akuba atsopano amabadwa tsiku lililonse. Ndiye mlondayo amafunika kulandira zithunzi zatsopano kudzera pa intaneti. Pa kompyuta zimenezi zimalembedwa kuti "actualização". Antivirusi imene yakhala miyezi isanu osalandira zatsopano ili ngati mlonda amene akudziwa akuba a caka catha okha.

Tikamalipira antivirusi caka ndi caka, timalipira zithunzi zatsopanozo. Zili ngati Credelec. Mita ilipo pakhoma, koma mayunitsi akatha magetsi azima.

Cimene cinacitika pa 14 Outubro 2025

Makompyuta ambiri a m'nyumba amayendera pulogalamu yaikulu yochedwa Windows. Imapangidwa ndi kampani ya ku America yochedwa Microsoft. Ngati antivirusi ndi mlonda, Windows ndiye nyumba yeniyeniyo: makoma, zitseko ndi denga.

Nyumba iliyonse imacita ming'alu. Windows nayonso imapezeka ndi timabowo timene akuba angalowerepo. Mwezi uliwonse Microsoft imatumiza zomatira mabowowo kudzera pa intaneti, kwaulere. Koma sicita zimenezi mpaka kalekale. Inasiya kumata Windows XP mu 2014. Inasiya Windows 7 mu Janeiro 2020. Ndipo pa 14 Outubro 2025 inasiya Windows 10, imene inatuluka mu 2015.

Musaope, kompyuta ya Windows 10 sinafe tsiku limenelo. Imayakabe, imalembabe, imaimbabe nyimbo. Cimene casintha n'cakuti bowo latsopano likapezeka, palibe amene adzabwere kudzalimata, pokhapokha mutalembetsa pa dongosolo lapadera limene ndifotokoze kutsogoloku.

Microsoft ikufuna kuti anthu asamukire ku Windows 11, imene inatuluka mu 2021. Kusamukako n'kwaulere ngati kompyuta yanu ikukwanitsa. Vuto lili pamenepo. Windows 11 imafuna makina atsopanoko, okhala ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Makompyuta ambiri akale sakwanitsa zimenezi. Ndipo makompyuta akalewo ndi amene ali m'manja mwathu. Anthu a m'mayiko olemera akagula atsopano, akale aja amagulitsidwa mochipa, n'kufika kuno. Coonadi cake n'cakuti cigamulo cimene cinapangidwa ku America cikupweteka kwambiri munthu amene alibe ndalama yogulira makina ena.

Kodi bowo losamatidwa n'loopsadi?

Wina anganene kuti, "Aa, ndani angafune kuba m'kompyuta ya ine wosauka?" Yankho lili mu zimene zinacitika mu Maio 2017. Virusi yochedwa WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 m'masiku ocepa cabe. Inkatseka mafayilo a munthu, n'kulemba kuti alipire madola 300. Ku England inalowa m'makompyuta a zipatala, ndipo anthu masauzande ambiri amene anali ndi tsiku loonana ndi dokotala anauzidwa kuti adikire.

Pali zinthu ziwiri zoti tiphunzirepo. Coyamba, virusi imeneyi sinkasankha munthu. Inkangofufuza kompyuta iliyonse yokhala ndi bowolo, kaya ndi ya cipatala kaya ndi ya mphunzitsi. Caciwiri, Microsoft inali itatumiza kale comatira bowolo mu Março, miyezi iwiri m'mbuyo. Amene anagwidwa ndi amene sanalandire comatiraco.

Ndipo tisaganize kuti dziko lathu lili kutali. Mu Fevereiro 2022, masamba a pa intaneti a maofesi ambiri a boma la Moçambique anaukiridwa, n'kusiya kugwira nchito kwa kanthawi. Intaneti ilibe malire ngati a pa Zóbuè kapena pa Calómuè.

Conco funso loyamba si lakuti "ndigule antivirusi iti?" Funso loyamba n'lakuti, "kodi nyumba yanga ikumatidwabe?" Kulemba mlonda wodula pa nyumba ya khoma logumuka kumathandiza pang'ono, koma sikukwanira.

Mlonda amene muli naye kale

Apa pali nkhani imene ogulitsa ambiri sakuuzani. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi antivirusi yakeyake m'kati. Dzina lake ndi Microsoft Defender. Simulipira ciliconse. Ilibe tsiku lotha caka ndi caka. Imafuna intaneti basi, kuti izilandira zatsopano.

Kale anthu ankainyoza kuti ndi yofooka. Masiku ano zinasintha. Pali mabungwe amene nchito yawo ndi kuyesa ma antivirusi. Limodzi ndi AV-TEST la ku Magdeburg, ku Germany. Lina ndi AV-Comparatives la ku Innsbruck, ku Austria. AV-TEST imayesa zinthu zitatu: kuteteza, kusalemetsa kompyuta, ndi kusavutitsa mwini wake ndi macenjezo abodza. Pa ciliconse imapereka mamakisi osapitirira 6. Zaka zaposacedwapa Defender yakhala ikupeza mamakisi apamwamba, ofanana ndi a ma antivirusi olipira.

Microsoft inanenanso kuti ngakhale yasiya kumata Windows 10, ipitiriza kutumizira Defender zithunzi za mavirusi atsopano mpaka Outubro 2028. Mlonda akhalapobe. Khoma ndi limene lasiyidwa.

Dziwaninso ici. Mukaika antivirusi ina, Defender imadzipatula yokha kuti ziwirizo zisalimbane. Ina ija ikatha kapena mukaicotsa, kawirikawiri Defender imadzukanso yokha. Ndiye uthenga wofiira wakuti "simuli otetezedwa" nthawi zambiri umanena mbali imodzi cabe ya nkhani.

Mungaone nokha. Dinani batani la Iniciar, lembani kuti "Segurança do Windows". Ngati kompyuta yanu ili m'Cingerezi, lembani "Windows Security". Tsegulani pamene palembedwa "Proteção contra vírus e ameaças". Cizindikiro cobiriwira cikutanthauza kuti zili bwino. Cacikasu cikuti pali coti mukonze. Cofiira cikuti pali vuto. Yang'ananinso tsiku limene inalandira zatsopano komaliza.

Cimene cinandicitikira ine

Ndisadzionetse ngati wanzeru. Inenso ndinagwidwapo. Zaka zingapo zapitazo ndinapita ndi laputopu yanga kwa wokonza wina m'tauni. Anandiikira Windows, Word, ndi antivirusi imene anati ndi "ya moyo wonse". Ndinalipira, n'kubwerera kunyumba ndikumwetulira.

Patapita miyezi, ndinapita kukasindikiza mayeso pa malo ena ocitira fotokope. Ndinapereka fulashi yanga. Nditabwera kunyumba n'kuilowetsa m'kompyuta, mafoda onse anali atasanduka timivi, tija timati "atalho". Ndinadina kamodzi. Palibe cinatseguka. Ndinadinanso. Mawa lake fulashi iliyonse imene ndinkalowetsa inkatuluka ndi matenda omwewo, ndipo ndinapatsira anzanga awiri.

Mnzanga wodziwa makompyuta atayang'ana, anapeza zinthu ziwiri. Antivirusi "ya moyo wonse" ija inali yakuba, ndipo inali isanalandirepo catsopano ngakhale kamodzi. Defender nayo inali yozimitsidwa. Wokonza uja anaizimitsa dala, cifukwa ikanagwira kapulogalamu kamene anagwiritsa nchito potsegula Windows yosagula. Ndinali ndi alonda awiri pa dzina, koma pageti panalibe munthu.

Mwamwayi virusi ya timivi ija sifufuta mafayilo. Imangowabisa. Tinawapeza onse. Koma ndinaphunzirapo kuti safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo, wokonza akamaliza nchito, ndimamupempha kuti anditsegulire "Segurança do Windows" ndione cobiriwira ndi maso anga.

Sindikunena kuti okonza onse ndi acinyengo ayi. Ambiri ndi acinyamata amene akudzipezera cakudya, ndipo amatithandiza kwambiri. Koma kompyuta ndi yanu, ndipo kufunsa ndi ufulu wanu.

Malonda a mantha

Nanga n'cifukwa ciyani uthenga wofiira umabwera mwaukali conco? Cifukwa antivirusi ndi malonda, ndipo munthu wamantha amalipira msanga. Pali njira zingapo zimene muyenera kuzidziwa.

Yoyamba ndi ya kulawitsa. Makompyuta ambiri amabwera ndi antivirusi yoyeserera, kawirikawiri ya masiku 30. Masikuwo akatha, imayamba kukuwa tsiku lililonse. Simukukakamizidwa kulipira. Mukhoza kuicotsa, Defender n'kuyamba nchito.

Yaciwiri ndi ya mtengo wa caka coyamba. Makampani ambiri amatsitsa mtengo caka coyamba, kenako caka caciwiri amakweza. Mukalipira ndi khadi la kubanki, lija timati cartão, nthawi zambiri mumakhala mutavomereza "renovação automática". Kutanthauza kuti caka cikatha adzadula okha ndalama m'akaunti mwanu. Madandaulo pa nkhaniyi anaculuka ku Britain, mpaka bungwe la boma loona za malonda, lochedwa CMA, linalowererapo. Mu 2021 makampani a McAfee ndi Norton anavomera kuti zikhale zosavuta kwa makasitomala a kumeneko kuletsa kudula kotere ndi kubwezeredwa ndalama. Koma mgwirizano umenewo ndi wa ku Britain. Munthu wa ku Mandimba ayenera kudziteteza yekha. Mukangolipira, lowani mu akaunti yanu tsiku lomwelo, muzimitse kudula kwa okha, ndipo lembani m'kope tsiku limene idzathe.

Yacitatu ndi bodza lenileni. Mukuwerenga nkhani pa intaneti, mwadzidzidzi pabwera tsamba lowala, lolira, lolembedwa kuti kompyuta yanu ili ndi mavirusi asanu, dinani apa. Tsamba la pa intaneti silingafufuze m'kati mwa kompyuta yanu motero. Ameneyo ndi wakuba wovala yunifomu ya mlonda. Musadine, musaimbe nambala imene alembapo. Tsekani tsambalo basi. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayina ambiri, mwini mmodzi

Wokonza wina amati Avast ndiye yabwino. Wina amati AVG. Wina amalumbira pa Avira kapena Norton. Koma kuyambira 2022, zinayi zonsezi zili m'manja mwa kampani imodzi yochedwa Gen Digital. Conco musataye tulo posankha dzina.

Nanga za ulere zija, mwini wake amapindula ciyani? Zina zimakuonetsani malonda kuti mugule yolipira. Koma panacitikanso nkhani ina. Mu Fevereiro 2024, bungwe la boma la America lochedwa FTC linalamula kuti Avast ilipire madola 16,5 miliyoni. Mlandu unali wakuti kwa zaka zingapo, mpaka 2020, inkasonkhanitsa mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula pa intaneti, n'kumaigulitsa kudzera ku kampani yake ina yochedwa Jumpshot. Mlonda amaona zonse za m'nyumba mwanu. N'cifukwa cake sitiika pulogalamu iliyonse cifukwa cakuti ndi yaulere.

Nkhani ina ndi ya Kaspersky, antivirusi ya ku Russia imene anthu ambiri kuno amaidziwa. Pa mayeso imacita bwino. Koma mu Junho 2024 boma la America linaletsa kuigulitsa m'dziko lawo. Linati likuopa kuti boma la Russia lingaigwiritse nchito pozonda. Kampaniyo inakana mlanduwo. Pofika kumapeto kwa Setembro caka comweco, anthu a ku America anasiya kulandira zatsopano za Kaspersky. Lamulo limeneli ndi la ku America. Koma likutionetsa kuti ngakhale cinthu cimene walipira cikhoza kusintha cifukwa ca mikangano ya mayiko akuluakulu.

Ndiye ndani ayenera kulipira?

Maganizo anga ndi awa. Kwa banja limene limagwiritsa nchito kompyuta polemba, poonera mafilimu, pocita nchito ya kusukulu ndi potsegula Facebook, Defender ndi yokwanira, bola ikhale yoyaka ndiponso izilandira zatsopano. Ndalama imene mukanalipira antivirusi, ndi bwino muguleko mamega oti kompyuta izilandira zatsopanozo, ndi fulashi yaciwiri yosungiramo zinthu zofunika.

Antivirusi yolipira si yoipa. Ina imabwera ndi zowonjezera, monga njira yoletsera ana kutsegula masamba oipa, kapena cilolezo cimodzi cokwanira makompyuta angapo ndi mafoni. Munthu amene ali ndi malo osindikizira mapepala, kumene mafulashi a anthu ambiri amalowa tsiku lililonse, angaone kuti n'koyenera kulipira. Ngati mwasankha kutero, funsani mafunso awa musanatulutse ndalama.

Kodi ndi ya miyezi ingati, ndipo idzatha tsiku liti? Akuonetseni tsikulo pa kompyuta yanu.

Kodi ndi ya makompyuta angati? Ogulitsa ena amaika nambala imodzi m'makompyuta ambirimbiri. Kampani ikazindikira, imaitseka, inu n'kutsala opanda kanthu.

Kodi nambala ya cilolezo ndi imelo yolembetsera zikhala m'manja mwa ndani? Ziyenera kukhala zanu. Zilembeni m'kope.

Kodi caka camawa mtengo udzakhala wotani?

Kodi kompyuta yanga yakaleyi ikwanitsa, kapena iyamba kuyenda ngati kamba?

Ndipo musaike ma antivirusi awiri nthawi imodzi poganiza kuti citetezo cikula. Amalimbana okhaokha, kompyuta n'kulemera.

Nanga ndi Windows 10 ticite ciyani?

Coyamba dziwani kuti muli ndi Windows iti. Dinani batani la Windows pamodzi ndi cilembo ca R, lembani "winver", kenako Enter. Patuluka kabokosi konena dzina lake. Mukadziwa, pali njira zinayi.

Njira yoyamba: ngati makina anu akukwanitsa Windows 11, samukani. Pitani pa "Windows Update", pamenepo imakuuzani. Zimadya mamega ambiri, ndiye funani malo a Wi-Fi. Musanayambe, koperani mafayilo anu pa fulashi.

Njira yaciwiri: lembetsani pa dongosolo limene Microsoft inaliika la anthu a m'nyumba, lochedwa ESU. Inalengeza kuti olembetsa azilandirabe zomatira mabowo mpaka pa 13 Outubro 2026. Pamafunika akaunti ya Microsoft, ndipo Windows 10 yanu ikhale ya mtundu wa 22H2. Mukhoza kulembetsa kwaulere mukavomera kusunga makonzedwe a kompyuta yanu mu akauntiyo. Apo ayi mumalipira, ndipo mu 2025 mtengo wake unali madola 30, pafupifupi 1900 meticais. Kumbukirani kuti uku ndi kugula nthawi cabe.

Njira yacitatu: cotsani Windows, ikani Linux, mwacitsanzo Linux Mint kapena Ubuntu. Ndi yaulere mwalamulo, imalandira zatsopano, ndipo imayenda bwino pa makina akale. M'malo mwa Word mumagwiritsa nchito LibreOffice. Pamafunika munthu wodziwa kuti akuikireni, ndi masiku angapo oti muzolowere.

Njira yacinayi: pitirizani ndi kompyuta yakaleyo polemba ndi poonera mafilimu, koma musacitirepo za kubanki, ndipo muicepetse pa intaneti. Amene adakali ndi Windows 7 kapena XP, iyi ndiye njira yanu mpaka mutapeza ina.

Kwa amene akufuna kugula kompyuta yogwiritsidwa kale nchito, cenjerani. Makina amene sakwanitsa Windows 11 aculuka pa msika, ndipo mtengo wake ukhoza kukopa. Funsani musanalipire kuti, "Kodi imeneyi ilandira Windows 11?" Akuonetseni pa "Windows Update", osati ndi pakamwa pokha.

Zimene antivirusi singacite

Tinene zoona. Ndalama zambiri zimene anthu athu amaberedwa sizibedwa ndi virusi. Zimabedwa ndi mawu. Uthenga ubwera pa foni: "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi." Wina aimba, akuti ndi wa ku kampani ya foni, akuti mwapambana mphoto, mumuuze PIN ya M-Pesa kapena ya e-Mola. Palibe antivirusi imene ingagwire dzanja lanu pamene mukutumiza nokha. PIN ndi yanu nokha. Wanchito weniweni wa kubanki kapena wa kampani ya foni sakufunsani PIN.

Antivirusi singabwezenso mafayilo ngati kompyuta yagwa pansi, yanyowa ndi mvula, yapsa ndi magetsi kapena yabedwa. Mankhwala ake ndi amodzi: cinthu cofunika cikhale pa malo awiri. Mayina a ophunzira, satifiketi, zithunzi za banja, koperani pa fulashi ina. Fulashi imeneyo isamapite ku fotokope. Izikhala m'nyumba, pamodzi ndi BI ndi mapepala ena ofunika. Ya ku fotokope ikhale ina, yokhala ndi fayilo imodzi yokha imene mukufuna kusindikiza. Ikabwerako, ifufuzeni ndi antivirusi musanatsegule kanthu.

Apa ndi pamene kuwerenga kumatipulumutsa. Ambiri timadina "Sim" kapena "OK" tisanawerenge, cifukwa ca manyazi kapena cangu. Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula, musafulumire. Werengani uthengawo liwu ndi liwu. Ndani akulankhula? Akufuna ciyani? Akufuna ndalama kodi? Ngati simunamve Cipwitikizi cake kapena Cingerezi cake, jambulani ndi foni, mukafunse. Kompyuta sikupsa mtima mukaidikiritsa.

Mayi aja zinawathera bwanji?

Tinakhala pansi tonse awiri. Tinapeza kuti uthenga wofiira unkacokera ku antivirusi yoyeserera imene inatha kalekale. Tinaicotsa, n'kuzimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Defender inadzuka. Tinailumikiza pa intaneti, inalandira zatsopano, cizindikiro cinasanduka cobiriwira. Tinakopera mayina a ophunzira ndi zithunzi za ukwati pa fulashi. Ndalama ya feteleza inabwerera kunyumba yonse.

Koma titalemba "winver", tinapeza kuti ndi Windows 10, ndipo makinawo sakwanitsa Windows 11. Ndinawauza zoona, kuti vuto la lero latha koma la mawa lilipo. Anaganiza pang'ono, kenako anati, "Ndamva, aphunzitsi. Ndiye za kubanki ndisamacitirepo. Tikakolola tidzaona za Linux yanuyo." Anakulunganso laputopu ndi kapulana, n'kumapita.

Mawu oti tiwakumbukire

Virusi: pulogalamu yolembedwa kuti iwononge kapena kuba.

Antivirusi: pulogalamu yolondera kompyuta.

Actualização: zatsopano zimene pulogalamu imalandira pa intaneti.

Renovação automática: kudula ndalama okha nthawi ikatha, osakufunsaninso.

Mafunso okambirana m'gulu

Kodi kompyuta ya kwanu kapena ya m'bale wanu ili ndi Windows iti? Mungadziwe bwanji?

Kodi munalandirapo uthenga wokuopsezani kuti mulipire msanga? Munacita ciyani?

Ndi mapepala ati kapena zithunzi ziti zimene simungafune kutaya, ndipo panopa zili pa malo angati?